Kodi mitsempha nayo timatengera kwa makolo?

 Lero tiyamba ndi kantchito kosafuna cholembera. Tambasulani dzanja lamanzere, chikhatho chiyang'ane kumwamba. Tengani zala ziwiri za dzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati, muziike pamkono, m'munsi pang'ono mwa chala chachikulu. Musatsindike kwambiri. Khalani phee. Mwamva kanthu kakugunda pansi pa khungu? Amenewo ndi magazi anu, akukankhidwa ndi mtima.

Mwana wa sukulu akangokhala pansi, mtima wake umagunda ka 70 mpaka ka 110 pamphindi imodzi. Akamathamangira mpira, kapena akamakwera phiri la Dedza lomwe nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 2,200, umagunda mofulumira kuposa apo. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo ukangogunda, magazi opita m'thupi lonse amatulukira mumtsempha umodzi waukulu. Lero tikambirana za mtsempha umenewu, za matenda ena amene amaugwira anthu akamakalamba, ndi chifukwa chake matendawo amakonda mabanja ena kusiyana ndi ena.

Mtsempha umenewu uli pati?

Dzina lake ndi aorta, ndipo m'thupi monse mulibe mtsempha wina wouposa kukula. Umayambira kumanzere kwa mtima, n'kukwera pang'ono, kenako umakhota n'kuyamba kutsika motsata fupa la msana. Pokwera ndi pokhota paja umatulutsa nthambi zopita kumtima weniweniwo, kumutu ndi kumikono. Ukatha chifuwa umalowa m'mimba, momwe umatulutsa nthambi zina zopita kuchiwindi, kuchifu, kumatumbo ndi kuimpso zonse ziwiri. Ukafika cha pamchombo umagawanika pawiri: mbali ina imalowera kumwendo wamanja, ina kumwendo wamanzere.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Ngakhale atagona pamphasa osagwira ntchito iliyonse, mtima wake umapopa pafupifupi malita 5 omwewo pamphindi imodzi yokha. Akadzuka n'kukapalira mbatata ya kachewere kudimba, minofu imafuna mpweya wabwino wambiri, ndipo mtima umatha kupopa kuwirikiza katatu kapena kanayi. Magazi onsewo amayamba alowa mu aorta asanagawidwe. Mtsemphawu supuma usana, supuma usiku, kuyambira munthu asanabadwe mpaka tsiku lake lomaliza.

Khoma lotamuka

Kuti mtsempha upirire ntchito yotereyi, khoma lake liyenera kukhala lapadera. Lili ndi zigawo zitatu. Cham'kati ndi chosalala kuti magazi azidutsa osakodwa. Chakunja ndi chokhuthala, chimagwiriziza mtsemphawo pamalo pake. Chapakati ndicho chili ndi chinsinsi, chifukwa muli timinofu tosakanikirana ndi ulusi wosaoneka ndi maso wa mitundu iwiri. Ulusi wina ndi wotamuka, ndipo asayansi amautcha elastin. Wina ndi wolimba, wosalola kutamuka mopitirira, ndipo amautcha collagen.

Mtima ukagunda, magazi amalowa mwamphamvu, khoma n'kutamuka pang'ono kuti liwalandire. Mtima ukamapumira kudikira kugunda kwina, khomalo limabwerera mwakale, ndipo pobwererapo limakankha magazi kuti apitirize ulendo. N'chifukwa chake magazi saima ngakhale pakanthawi kamene mtima ukupuma.

Pali chinthu china chimene chikukhudza inuyo mwachindunji. Thupi limapanga ulusi wotamuka uja wambiri mwana adakali m'mimba mwa mayi ake komanso paubwana. Munthu akakula, thupi limangopangako pang'ono kwambiri. Ndiye kuti ulusi umene uli mumtsempha wanu lero, wambiri mwa iwo ndi womwewo umene udzakhale ukutamuka mukadzakhala agogo a zaka 70. Ukaduka, thupi silitha kuubwezeretsa bwinobwino. Akuluakulu adanena kuti m'mera m'poyamba, ndipo pa nkhani ya mitsempha adalasa.

Khoma likafooka chimachitika n'chiyani?

Mudaonapo njinga ya kabaza imene tayala lake laperepeseka mbali imodzi? Pamalo poperepesekapo chubu chimatulukira, n'kupanga kachotupa. Mwini njinga akapitiriza kupopa mpweya ndi kunyamula matumba olemera, kachotupako kamanka kakula, mphira wake n'kumapyapyala, mpaka tsiku lina limangomveka phuu! Zoterezi zimatha kuchitikanso mumtsempha wa aorta. Ulusi wa m'khoma ukaduka wambiri, malo ofookawo amayamba kufufuma chifukwa cha mphamvu ya magazi. Madokotala amatcha kufufuma kumeneku aneurysm.

Kawirikawiri kufufumaku kumachitikira m'mimba, m'munsi mwa pamene pachokera nthambi zopita kuimpso. Pali chifukwa chake. Gawo limeneli lili ndi mizere ya ulusi wotamuka yochepa poyerekeza ndi gawo la pachifuwa, komanso timitsempha ting'onoting'ono todyetsa khomalo ndi tochepa pamenepa. Vuto linanso n'lakuti mtsempha ukamafufuma, khoma lake limakokedwa kwambiri kuposa kale, choncho kufufuma kumabala kufufuma kwina. Kumakula pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka, kwa zaka zambiri.

Nthawi yonseyi munthu amakhala akudya bwino, akulima, akupita kumsika, osamva kupweteka kulikonse. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma mtsemphawo ukaphulika, magazi amatayikira m'kati mwa mimba, ndipo anthu ambiri amamwalira asanafike n'kuchipatala komwe.

Musachite mantha. Matendawa ndi a anthu achikulire, makamaka abambo opitirira zaka 65, ndipo mwa ana sapezekapezeka. Ngati muli ndi thupi lochepa, mukagona chagada mutha kumva kapena kuona pamimba panu pakugunda cha pamwamba pa mchombo. Zimenezo si matenda ayi. Ndi mtsempha wanu uli pantchito.

Yesani izi

Tengani rula ndi pensulo. Papepala jambulani mizere itatu: woyamba wa masentimita 2, wachiwiri wa masentimita 3, wachitatu wa masentimita 5 ndi theka. Zungulizani mzere uliwonse kuti pakhale mabwalo atatu. Bwalo loyamba likusonyeza kukula kwa mtsempha wa aorta wa m'mimba mwa munthu wamkulu wathanzi. Ukafika pabwalo lachiwiri, madokotala amati wayamba kufufuma ndipo amafuna kumauyeza kawirikawiri. Ukafika pabwalo lachitatu, amayamba kukambirana za opaleshoni, chifukwa kuyambira pamenepo ngozi yophulika imakula msanga.

Nanga makolo akubweramo bwanji?

Mwana akabadwa, anthu obwera kudzamuona amayamba kumuyang'anitsitsa. Wina amati, "Mphuno iyi ndi ya bambo ake." Wina amati, "Makutuwa ndi a agogo ake aakazi enieni." Akakula pang'ono, mumamva kuti, "Kayendedweka watengera amalume ake." Anthu amatchula zimene akuziona. Koma za m'kati, zosaoneka, nazonso timatengera: gulu la magazi, kukula kwa mafupa, ngakhale kulimba kwa ulusi wa m'mitsempha.

Thupi lanu lidapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'maselo ambiri muli DNA, yomwe imasunga malangizo a kapangidwe ka thupi lonse. DNA imakulungidwa m'timitolo 46 totchedwa ma chromosome. Timitolo 23 mudalandira kwa amayi, 23 kwa abambo. Asayansi amalemba malangizowa pogwiritsa ntchito zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, ndipo kwa kholo lililonse mudalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni. M'kati mwake muli timagawo pafupifupi 20,000 totchedwa ma gene. Gawo lina limauza thupi kapangidwe ka elastin, lina ka collagen, lina limathandiza kuchotsa mafuta m'magazi.

Mukatenga anthu awiri alionse padziko lapansi, mwachitsanzo mwana wa ku Thete ndi mwana wa ku Japan, zilembo zawo zimafanana pafupifupi 999 mwa 1,000 zilizonse. Kachilembo kamodzi kotsalako ndiko kamatisiyanitsa, ndipo kusiyana kwina kumachititsa kuti khoma la mtsempha wa munthu uyu lifooke msanga kuposa la mnzake.

M'mabanja ambiri a Achewa ndi Ayao, mwana amawerengedwa kuchikazi, ndipo amalume ndiwo amayang'anira mbumba. Umenewo ndi mwambo wathu wosunga banja. Koma thupi limatenga mbali zonse ziwiri mofanana. Choncho pofufuza matenda akumtundu, muyenera kudziwa za kwa amayi komanso za kwa abambo, ngakhale abale a abambo atakhala kutali ndipo simuonana nawo kawirikawiri.

DNA yakalekale ya kwathu konkuno

Ife a ku Dedza tili ndi chifukwa chonyadira pa nkhani ya DNA. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale za pamiyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'gulu la malo ofunika kwambiri padziko lonse. Limodzi mwa mapanga ake ndi la Chencherere. M'phangamo akatswiri adafukulamo mafupa a anthu amene ankakhala kuno kalekale, akusaka nyama ndi kutola zipatso. M'chaka cha 2017 asayansi adalengeza kuti akwanitsa kuwerenga DNA yochokera m'mafupa amenewo, a anthu amene adakhalako zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Adawerenganso ya mafupa ena a ku phiri la Hora ku Mzimba ndi a ku Fingira ku Nyika. Ngati DNA ya munthu amene adamwalira zaka zonsezo imatha kuwerengedwa, kuli bwanji ya anthu amoyo? Luso limeneli ndilo likuthandiza madokotala kufufuza gwero la matenda a m'mabanja.

Adadziwa bwanji kuti matendawa amatsata mabanja?

Poyamba madokotala ankaganiza kuti kufufuma kwa aorta kumangobwera ndi ukalamba basi. M'chaka cha 1977 dokotala wina dzina lake Clifton adalemba m'magazini ya madokotala a opaleshoni ya ku Britain za abambo atatu apachibale, a mimba imodzi, amene onse mitsempha yawo idafufuma n'kuphulika. Atatu onse m'nyumba imodzi! Madokotala ena adayamba kufunsa odwala awo za abale, ndipo adapeza kuti munthu amene kholo lake, mchimwene wake kapena mchemwali wake adadwalapo matendawa, mpata woti nayenso adwale umakhala wowirikiza kawiri kapena kuposa.

Koma abale amadyera mbale imodzi ndipo amapuma utsi umodzi. Kodi chikuwadwalitsa ndi DNA kapena ndi kakhalidwe ka pakhomo? Kuti apeze yankho, ofufuza a ku Sweden adaganiza za mapasa. Mapasa alipo a mitundu iwiri. Ena amachokera m'dzira limodzi, amafanana ndendende, ndipo DNA yawo ndi imodzi. Ena amachokera m'mazira awiri, ndipo pafupifupi theka lokha la DNA imene mmodzi adalandira kwa makolo ndi lomwelo limene mnzake adalandira, monga momwe zilili ndi abale ena onse. M'chaka cha 2010 ofufuzawo adatulutsa zimene adapeza. Pakati pa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akakhala ndi matendawa, mnzakeyo ankapezeka nawonso pa maulendo 24 mwa 100. Pakati pa mapasa a mazira awiri, zinkachitika pa maulendo pafupifupi 5 okha mwa 100.

Taganizirani manambala amenewa mofatsa, chifukwa akutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, 24 ndi wamkulu kwambiri kuposa 5, ndiye kuti DNA ili ndi mbali yaikulu ndithu. Chachiwiri, chotsani 24 pa 100. Patsala 76. Anthu 76 mwa 100 alionse adali ndi DNA yofanana ndendende ndi ya wodwala, koma iwo sadapezeke ndi matendawa. Choncho chimene timatengera kwa makolo ndi mpata wodwala chabe. Si chigamulo choti tidzadwala basi.

Asayansi adayambanso kusaka malo enieni a mu DNA amene akukhudzidwa. M'chaka cha 2008 ofufuza a ku Iceland adapeza malo amodzi pa chromosome ya nambala 9. M'chaka cha 2023 gulu lalikulu la ofufuza a m'maiko osiyanasiyana lidayerekeza DNA ya odwala oposa 39,000 ndi ya anthu ena oposa 1 miliyoni, n'kupeza malo oposa 100. Ena mwa malowa amakhudza kapangidwe ndi kakonzedwe ka khoma la mtsempha. Ena amakhudza kuchuluka kwa mafuta a kolesterolo m'magazi. Enanso amakhudza asilikali a m'thupi, amene nthawi zina amalusa mopitirira n'kuwononga khoma lomwe amayenera kuliteteza. Malo aliwonse paokha amangowonjezera ngozi pang'ono. Munthu amene ali pangozi yaikulu ndi amene walandira tambirimbiri totere kuchokera mbali zonse ziwiri.

Pamene gene imodzi yokha imakwanira

Pali mabanja ochepa amene vuto limachokera pa gene imodzi. M'chaka cha 1896 dokotala wa ana wa ku Paris, Antoine Marfan, adafotokoza za kamtsikana ka zaka 5 kamene kadali ndi mikono, miyendo ndi zala zazitali modabwitsa. Matenda otere adatchedwa dzina la dokotalayu, ndipo m'chaka cha 1991 asayansi adapeza kuti gwero lake ndi gene yotchedwa FBN1, ya pa chromosome ya nambala 15. Gene imeneyi imathandiza kuti ulusi wotamuka uja ulukike bwino. Ikalakwika, mafupa amatalika, maso amavuta kuona, ndipo mtsempha wa aorta umafooka munthu adakali wachinyamata, makamaka gawo la pafupi ndi mtima. Matenda a Marfan amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 5,000, m'mitundu yonse ya anthu. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense amakhala ndi mpata wa theka wowatengera.

Musayambe kuloza anzanu aatali m'kalasi. Anthu aatali ambiri ndi athanzi, ndipo wodziwa matendawa ndi dokotala yekha. Mwana amene ali nawo amafunika kumuyeza mtima kawirikawiri, kumwa mankhwala amene apatsidwa, ndi kukhala ndi anzake omukonda. Sadalakwe kanthu, makolo akenso sadalakwe, ndipo palibe amene adamulodza.

Zimene zili m'manja mwathu

DNA yanu simungaisinthe. Msinkhu nawonso simungauimitse. Koma pali mdani wamkulu wa aorta amene mungamutsekere pakhomo, ndiye fodya. Pa zinthu zonse zimene munthu angapewe, palibe china chofooketsa mtsemphawu kuposa kusuta. Utsi ukalowa m'mapapo, poizoni wake amapita m'magazi n'kuputa asilikali a m'thupi aja. Iwo amatulutsa timadzi todula ulusi wotamuka, ulusi womwe uja thupi silitha kuupanganso mokwanira. Anthu osuta amadwala matendawa kuwirikiza kangapo kuposa osasuta, ndipo mtsempha wofufuma kale umakula msanga mwini wake akapitiriza kusuta. Zilibe kanthu kuti ndi ndudu ya m'sitolo kapena chingambwe chopichira papepala. Wosiya kusuta amachepetsa ngoziyi ngakhale atasiya ali wamkulu kale.

Fodya ndi mbewu imene yaphunzitsa ana ambiri m'dziko muno, ndipo makolo oilima timawapatsa ulemu. Koma kulima n'kwina, kusuta n'kwina. Kafukufuku wa m'dziko lonse wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi mwa anayi alionse ku Malawi ankasuta. M'chaka cha 2023 dziko lathu lidalowa nawo m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta fodya. Osuta ambiri amayamba ali achinyamata, pongofuna kusangalatsa anzawo. Mnzanu akadzakupatsani ndudu kuseri kwa sukulu, mudzakane molimba mtima.

Mdani wachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Magazi akamakankha khoma mwamphamvu usana ndi usiku, malo ofooka sachedwa kugonja. Kafukufuku yemwe uja adapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Mchere wochuluka umakweza BP. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wothira m'ndiwo. Mukamagula chipisi cha pachiwaya pa boma, musamwaze mchere mpaka chiyere. Idyani ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso, ndipo pitirizani kusewera phada, fulaye ndi mpira. Agogo kapena makolo akapatsidwa mankhwala a BP, muziwakumbutsa kumwa tsiku ndi tsiku, ngakhale akumva bwino m'thupi.

Kuno kum'mwera kwa Africa madokotala aonanso kuti tizilombo tina toyambitsa matenda timatha kufooketsa mitsempha ya anthu amene sadakalambe. Ichi ndi chifukwa chinanso chopitira kuchipatala msanga munthu akadwala ndi kumaliza mankhwala onse amene walandira.

Madokotala amauona bwanji, nanga amaukonza bwanji?

Kuona mtsempha wofufuma n'kosavuta. Amagwiritsa ntchito makina a sikani, omwe aja amajambulira amayi oyembekezera. Amapaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyendetsapo kachipangizo, mtsempha n'kuonekera pagalasi. Sizipweteka ndipo zimatenga mphindi zochepa. Ku Britain ndi ku Sweden abambo amaitanidwa kukajambulidwa akakwanitsa zaka 65. Madokotala a ku Ulaya amalangizanso kuti anthu amene kholo kapena m'bale wawo wa mimba imodzi adadwalapo matendawa aganizire zojambulitsa akapitirira zaka 50.

Kukonza ndiko kudatenga nthawi kuti anthu akuphunzire. Mudamvapo za Albert Einstein, wasayansi wotchuka padziko lonse? Iyeyu ankakonda kusuta kaliwo, ndipo adadwala matenda omwewa. Mu Disembala 1948 dokotala wina, Rudolph Nissen, adamuchita opaleshoni ku New York. Panthawiyo njira yosinthira mtsempha idali isanapezeke, choncho adangokulunga malo ofufumawo ndi pepala lopyapyala loonekera, longa lokutira maswiti, kuti khoma likhuthale. Einstein adakhalabe ndi moyo zaka zina zoposa 6, akugwira ntchito yake, mpaka mtsemphawo udaphulika ndipo adamwalira pa 18 Epulo 1955 ali ndi zaka 76.

M'chaka cha 1951 dokotala wa ku Paris, Charles Dubost, adakwanitsa kudula gawo lofufuma n'kulumikizapo mtsempha wina. Pambuyo pake madokotala adayamba kusokererapo paipi yansalu yolimba yopangidwa kufakitale. M'chaka cha 1990 dokotala wa ku Argentina, Juan Parodi, adaonetsa njira ina yosang'amba mimba: paipi yansaluyo amaipinda, n'kuilowetsa kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, ikafika pamalo ofufuma n'kuitambasula. Opaleshoni yochitika mtsempha usanaphulike imapulumutsa anthu ambiri. Yochitika utaphulika kale ndi yovuta kwambiri. N'chifukwa chake kudziwiratu kuli kofunika.

Mwana angathandize bwanji pangozi?

Agogo kapena munthu wina wachikulire akamva kupweteka koopsa kwadzidzidzi m'mimba kapena kumsana, n'kuyamba thukuta lozizira, chizungulire kapena kukomoka, thamangani mukaitane akuluakulu. Wodwalayo agone pansi. Asamusisite pamimba, asamupatse chakudya kapena chakumwa, ndipo asadikire kuti kuche. Apite naye kuchipatala chapafupi mwamsanga. Zipatala zing'onozing'ono zimatumiza odwala kwambiri kuchipatala cha boma cha Dedza, ndipo ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati kumtundu kudachitikapo zoterezi, operekeza auze adokotala akangofika.

Kumbukiraninso ichi. Munthu amene dzulo ankaseka ndi anzake akamwalira mwadzidzidzi, pamudzi pamabuka manong'onong'o, ndipo nthawi zina agogo osalakwa amalozedwa chala. Zikachitika kawiri m'banja limodzi, ena amati banjalo ndi lotembereredwa. Inu tsopano mukudziwa kuti mtsempha umatha kufufuma mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndi kuti kufooka kwake kumatha kutsata abale. Nzeru imeneyi ingateteze wodwala, ingatetezenso munthu wonamiziridwa.

Ntchito imene ikudikira inu

Anthu ambiri amene DNA yawo idawerengedwa pa kafukufuku wa matendawa ndi ochokera ku Ulaya. Komatu DNA ya anthu a mu Africa ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu a kwina kulikonse, popeza mtundu wa anthu udayambira kuno. Zimene zidapezeka ku Iceland kapena ku Sweden ziyenera kufufuzidwanso pakati pathu. Madokotala odziwa opaleshoni ya mitsempha nawonso ndi ochepa m'chigawo chino cha Africa. Sukulu yophunzitsa madokotala idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo lero ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mtsikana kapena mnyamata wa ku Kasina kapena ku Chimbiya amene akulimbikira masamu ndi sayansi atha kudzakhala mmodzi wogwira ntchito imeneyi.

Mafunso oyesa nzeru

1. Kodi mtsempha wa aorta umagawanika pawiri cha pati?
2. Mudalandira ma chromosome angati kwa amayi, nanga angati kwa abambo?
3. Tchulani phanga la ku Dedza kumene kudapezeka mafupa okhala ndi DNA yakalekale.
4. Kodi nambala ya 76 ikutiphunzitsa chiyani pa nkhani ya mapasa a ku Sweden?
5. Tchulani zinthu ziwiri zofooketsa aorta zimene munthu angathe kuzipewa kapena kuzichepetsa.

Mayankho onse ali m'nkhaniyi.

Ntchito ya kunyumba

Safunsa adadya phula. Sabata ino, madzulo ena mukatha kudya, khalani pansi mwaulemu pafupi ndi amayi, abambo kapena agogo, muwapemphe kuti akuthandizeni kujambula mtengo wa banja lanu. Lembani agogo anayi onse, makolo anu, amalume, azakhali, amayi aang'ono ndi aakulu, abambo aang'ono ndi aakulu. Kenako funsani modekha kuti, "Agogo, kodi kumtundu kwathu alipo amene adadwalapo BP, shuga, mtima kapena sitiroko? Nanga alipo amene adatisiya mwadzidzidzi atadandaula m'mimba kapena msana?" Nkhani za omwalira zimawawa, choncho akakana kuyankha musawaumirize, mudzafunse tsiku lina. Zimene akuuzeni ndi za m'banja mwanu, si zokafalitsa kusukulu. Pepalalo lisungidwe pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, kuti aliyense wa pakhomo akamapita kukaonana ndi adokotala azikhala ndi choyankha. Pomaliza, funsani akuluakulu onse a pakhomo panu kuti adayezetsa liti BP, ndipo amene papita nthawi asanayezetse muwapemphe kuti apite mwezi uno.